Mwala wa Bambo Alfinete

Lolemba, 21 Okutobala

Kutentha kuyambira mbandakucha. Njereza ndagula, ndasefa, ili m'ndowa yovundikira. Makandulo m'kabati, kutali ndi zenera. Chaka chatha anapindika onse ndi dzuwa. Tsiku la Akufa layandikira, pa 2 Novembala, ndipo kumanda sindinayambe n'komwe kusesa.

Achimwene a Gervásio aimba foni. Abwera monga mwa chaka ndi chaka. Ndati, “Kodi mtsogoleri wa chipani chonse amapalira manda?” Iwo, “Tila, khasu langa usabwereketse.” Mawu osasa. Misonkhano. Sakudya pa nthawi yake, ndikudziwa. Malaya amene anavala pa kanema Lamulungu kolala inali yopindika mbali imodzi. Dziko lonse likuona. Palibe wowauza?

Chisankho chaka chamawa. Akuti akhoza kupambana. Munthu woiwala ambulera m'basi iliyonse, ampatse dziko.

Lachitatu, 23 Okutobala

Galimoto yakuda pakhomo, nkhuku balala. Bambo Leonel, a ku ofesi ya chipani ku Quelimane. Nsapato zosongoka, mafoni awiri. Ndinawapatsa mpando wabwino ndi madzi a kokonati. Anapukuta kapu ndi mpango asanamwe. Ndinaona.

Akuti chaka chino a Dotolo, ndiye kuti achimwene, sabwera okha. Atolankhani, makamera, akuluakulu a chigawo. Anafuna kuona manda, ndinapita nawo. A Mayi ali bwino, mwala wawo ndi dzina lawo. A Bambo kumphepete, pafupi ndi mpanda. Mtanda wamtengo wodyeka ndi chiswe, wopanda dzina.

“Dona Otília, awa ndi manda a bambo wa pulezidenti wa mawa?”

Ndinati ndi omwewa.

Akudziwa. Akuti a zipani zinazo akudziwanso, akungodikira nthawi yabwino. Kuti Alfinete Namuaca anali sipayo, mpolisi wa Apwitikizi. Wogwira osakhoma msonkho ndi othawa ntchito m'minda ya kokonati ya kampani. Wogwira mbalamatodya. Thabwa lija la mabowo lomenyera m'manja. Ndinaliona kamodzi litapachikidwa pakhoma la ku polisi, tsiku limene ndinaperekeza Mayi kukapereka chakudya. Ndinkayesa mthiko.

Bambo Leonel anafunsa ngati palibe chabwino chimodzi chimene Bambo anachita. Ndinati Mayi ankanena kuti nthawi ina anatsina khutu amalume a Jemusse kuti athawe asanagwidwe. Maso a munthuyo anawala. “Ndiye ankathandiza ufulu mobisa. Mwatibisira bwanji nkhani yotere, Dona?” Ndinati sindinanene choncho. Anali ataika kale foni kukhutu.

Mwala wakuda wosalala, chipani chilipira. Achimwene adzauvundukula okha, adzathira simenti yoyamba pamaso pa makamera. Akatero, a zipani zinazo alibenso ponena. Koma asauzidwe, ikhale mphatso. “Ali ndi dziko pamutu, tisawasenzetsenso manda.”

Ndavomera. Ndalemba pano kuti ndisadzakane. Ndavomera.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kusinja mpunga pa mpanda ndi Zefa wa nyumba yoyandikana, mtondo wake, minsi yanga. Anafunsa za galimoto ya dzulo. Ndinati za msewu. Anaseka. “Msewu uti, uwu wa mbuzi?” Ndinasekanso.

Bambo ake, Madala Baulene, pansi pa mango monga mwa masiku onse. Moni wawo womwewo. “Wadzuka, mlongo wake wa boma? Uwauze boma lawo likabwera ndikufuna mano atsopano.” Zefa anasiya munsi kukawamanga mabatani a malaya. Zala zawo sizipinda. Zinauma chikhalire, ngati mizu ya chinangwa.

Mudzi wonse wa Namirrue ukudziwa amene anaswa manja amenewo. Pakati pa nyumba ziwirizi palibe anatchulapo. Ngakhale kamodzi.

Ufulu utabwera anthu anasiya kutipatsa moni. Ku chitsime ndowa yathu inkakhala yomaliza. Bambo anayamba chifuwa, sanatulukenso m'nyumba. Pa maliro awo anthu ochepa, okumba manda anachita kupemphedwa. Woyamba kulowanso pakhomo pathu anali malemu mayi ake a Zefa, akazi a Madala. Anabwera ndi mchere m'katsamba. Anangoti, “Ndiwo zopanda mchere ana sadya.” Basi.

Ndiye ine ndikaike mwala wonena kuti chiyani?

Koma kamodzi kokha. Kamodzi kokha ndilowe kumanda kuja mutu uli m'mwamba.

Loweruka, 26 Okutobala

Chipinda cha achimwene. Ndakolopa, ndaanika matiresi, ndasoka neti pamene panabooka. Bokosi la makaseti ndatsegula kuti lipite mphepo. Makala amene ndimaikamo oyamwa chinyezi ndasintha. Achimwene akuti onse anawakopera kale ku yunivesite, koma awa sataya, ndipo ine sindilola mphemvu.

Mayina pa makaseti, zilembo zawo zazing'ono ngati nyerere. Nkhalamba zonsezi zinapita. Mawu ali muno.

Ndakumbukira njinga ija. Nkhondo itangotha, iwo mphunzitsi wowonda, wailesi ya kaseti kumbuyo itakulungidwa m'chitenje cha Mayi, mabatire m'thumba la malaya. Milungu osabwera. Pobwera mapazi otupa, nsabwe, chimwemwe ngati atola golide. Zonsezo chifukwa gogo wina ku Mopeia wawauza amene anakumba ngalande inayake.

Ndinawaperekezapo kangapo, ndinaona mmene amachitira. Nsapato amavula patali. Sopo ndi mchere amapereka kaye. Sakhala pa mpando, amakhala pansi, wofunsidwayo akhale pamwamba. Amatchula tsiku, malo, dzina la wolankhula, dzina la wofunsa. Kenako chete. Munthu akhoza kutsokomola, kulira, kugona kumene, iwo kudikira. Funso lawo limodzi lomwelo. “Munaona nokha kapena munamva?”

Mpaka m'nyumba. Ndikati achimwene, nsomba zakwera mtengo. “Waona wekha kapena wamva?” Tsiku lina ndinawaponyera chikho.

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Kugulitsa maswiti a kokonati pa doko, kuti iwo apitirize. Sindidandaula. Mutu unali wawo, manja anali anga. Atabwera ndi udotolo wawo Mayi anawaonetsa bondo lotupa. Iwo, “Mayi, ine ndine dotolo wa anthu akufa kale.” Mayi, “Ndiye udikire pang'ono.”

Ndale sanazifune. Zinawapeza ndi makaseti omwewa. Kampani ina itafuna kulanda madambo a mpunga inkati munalibe anthu chiyambire. Iwo anapita kukhoti ndi mawu a nkhalamba zotchula amene analima dambo lililonse. Anthu anawanyamula pamapewa, magalasi anathyoka. Kenako nyumba ya malamulo. Kenako nduna ya sukulu. Anatula pansi okha atauzidwa kuchotsa tsamba lina m'buku la ana. Mayi akanakhalapo akanati mwanayu ntchito sakhalitsa.

Buku lawo lalikulu lili pa shelefu. La anthu a m'minda ya kampani. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono nyengo yonse ya mvula, chala pa mzere. Asipayo alimo ambiri. Dzina la Bambo mulibe. Bodza mulibenso. Anangodumpha.

Za mtanda wopanda dzina ndinawafunsapo. Anati, “Sindinapeze mawu oona okwana pa mwala.”

Madala Baulene anandiuzapo chaka china, akuseka, “Mlongo wako wafunsa nkhalamba zonse mpaka ku Milange. Ine wa mpanda umodzi amangoti mwadzuka bwanji.” Sindinawauze achimwene.

Lolemba, 28 Okutobala

Mwala wafika. Amuna anayi kutsitsa. Uli pakhonde la kuseri, pa mitengo iwiri, wophimbidwa ndi nsalu ya chipani. Anakanda khoma langa polowetsa. Ndapakapo njereza.

Atapita ndinavundukula.

Zilembo zagolide. ALFINETE NAMUACA. Pansi pake, m'Chipwitikizi: Anatumikira ufulu mobisa. Tate wa mtsogoleri.

Ndinakhala pansi. Dzina la Bambo sindinalionepo litalembedwa mokongola. Ndinalitsata ndi chala, chilembo ndi chilembo. Ndinalira mpaka mpunga unapserera.

Ankandichotsa matekenya ndi singano osandipweteka. Malungo akandigwira ankandiika pamiyendo, n'kumaimba chapansipansi kanyimbo ka opalasa bwato. Nsomba ankandichotsera minga. Amenewo ndi Bambo anga. Mwala wa amenewo ulipo?

Ndauphimbanso. Ndaikapo miphika pamwamba kuti uoneke ngati thandala.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Zefa anabwera kudzabwereka chopalira kokonati. Ine ndili ku bafa. Ndinamuuza atenge yekha pakhonde la kuseri. Ndaiwala bwanji? Ndaiwala bwanji ine?

Potuluka ndinampeza miphika ili pansi, nsalu ili m'manja. Amawerenga bwino kuposa ine.

Anauphimbanso bwinobwino, m'makona monse. Anabwezera miphika mmene inalili.

“Zilembo zokongola, mnzanga.”

Chopalira anachisiya.

Lachitatu, 30 Okutobala

Pansi pa mango palibe munthu. Mpando wa Madala ausamutsira mbali ina ya nyumba, yosaoneka kuno. Mtondo wa Zefa ukumveka patali. Akusinja yekha.

Wailesi masana. Achimwene akufunsidwa za munthu wina wamalonda amene walowa chipani chawo. Munthu yemweyo pa tebulo langa lino anamutchulapo kuti mbava. Lero, “Ndi mwana wa dziko lino, khomo ndi lotsegula kwa onse.” Wofunsa anabwereza. Iwo anazungulira ngati mbuzi pa chingwe. Ndinatseka wailesi.

Madzulo aimba. Ndinakonza mawu tsiku lonse. Achimwene, pali mwala. Achimwene, ndalakwitsa. Iwo atopa, akuseka pang'ono. “Tila, undiphikire mukapata, phala lija la mpunga ndi nyemba, kokonati wambiri. Kuno akundidyetsa masamba osaphika ngati mbuzi.” Ndati chabwino. Ndati muvale malaya oyera, kolala muione. Foni inatha.

Ndimaopa kuti akaona mwala adzakwiya, adzachititsa manyazi chipani pamaso pa makamera, chisankho n'kutayika chifukwa cha pakamwa panga.

Ayi. Ndinene zoona, buku ndi langa. Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti sadzakwiya. Adzamwetulira, adzathira simenti. Ndiye amene adzagone m'chipinda ndakolopachi adzakhala ndani?

Lachisanu, 1 Novembala

Anyamata a chipani dzulo ndi lero. Zikwanje, penti, tenti. Apalira manda onse, a eni ake osafunsa. Mitengo ya kokonati yakufa yopanda mitu aipakanso njereza m'munsi, ngati iphuka. Maluwa a Mayi amene ndinadzala azula, akuti amayesa udzu. Ndadzalanso, ndathirira. Mwina agwira.

Mwala aunyamula, uli kumanda, woimikidwa pa mitengo, nsalu pamwamba. Mtanda wakale anautaya kuseri kwa mpanda. Ndautola, uli pansi pa bedi langa.

Mukapata ndaphika woyeserera. Mbale yoyamba ndinapita nayo kwa Madala, monga ndimachitira. Zefa analandira pakhomo, sanati lowa. Ndikutembenuka, mawu m'nyumba.

“Ndi mwana wa Alfinete ameneyo? Umuuze mawa ndibwera. Asaope, sindikudzera iwo. Ndili ndi mkazi kumandako.”

Sanati mlongo wake wa boma.

Malaya oyera ndasita ena, mwina awo afika okwinyika. Makandulo sanapindike. Machesi mabokosi awiri.

Loweruka, 2 Novembala

Chitenje chakuda cha madontho. Khasu lawo ndanola.

Mayi, mundithandize.

Lamulungu, 3 Novembala

Ndilembe mwadongosolo, ndisadumphe.

Dzulo achimwene anafika mochedwa, dzuwa lili pamutu. Galimoto anazisiya ku tchalitchi, anayenda pansi, achitetezo akutuluka thukuta m'masuti. Aonda. Imvi zawonjezeka. Kolala yopindika. Ndinaikonza pamaso pa anthu onse, sindinathe kudzigwira. Anati, “Boma lenileni ndi ili.”

Pa chipata cha manda anavula nsapato. Akuluakulu a chigawo anayang'anana, ena anayamba kumasula zingwe, ena anachita ngati sanaone. Achimwene anapempha khasu. Atafika kwa Mayi anapeza popalira kale, mbee. “Andilanda ntchito,” anatero. Anazula kaudzu kamodzi kotsala, anagwada, anapemphera.

Anthu odzaza, aliyense pa manda a kwawo, makandulo, maluwa. Madala Baulene cha uko, pa manda a akazi awo, Zefa atawagwira mkono. Sanayang'ane kuno.

Bambo Leonel analankhula pa chimkuzamawu. Za mphatso ya chipani, za ngwazi zosadziwika. Anapereka chingwe. Achimwene anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mapazi anga. Anakoka. Nsalu inagwa. M'manja, ng'oma, makamera.

Anawerenga. Anavula magalasi, anapukuta ndi tayi, anawerenganso.

Sanakweze mawu. “Leonel, mwana wanga, wolemba izi anaona yekha kapena anamva?”

Bambo Leonel anaseka, ankayesa nthabwala. Kenako analoza ine ndi maso.

“Tila?”

Ndinati, “Ndinamva, achimwene. Kwa Mayi. Za amalume a Jemusse zokha. Zinazo sindinanene.” Mawu anga ngati a mwana.

Achimwene anagwedeza mutu. Mmisiri anali atawapatsa kale chopakira, simenti ili pamenepo. Anachigwira. Anaima. Ndi dzanja linalo anasisita dzina la Bambo, chilembo ndi chilembo, monga ndinachitira ine pakhonde. Ndinati basi, athira. Ndinatseka maso.

“Dzina alemba bwino,” anatero.

Nditatsegula maso chopakira chili pansi, jekete akupatsira ine. Anaitana achitetezo awiri. Anaunyamula atatu, msana wawo unalira, ndinamva. Anapita nawo pa mthunzi wa mkuyu, n'kuugoneka chafufumimba. Zilembo m'dothi. Ng'oma zinaleka imodziimodzi.

Anadutsa pakati pa manda, osavala nsapato, mpaka kwa Madala. Anagwada.

“Bambo, pali mpando apo. Ndachedwa.”

Madala anati, “Wachedwa zedi. Ndimayesa ukudikira ndife kuti udzafunse manda anga. Paja ndiwe dotolo wa akufa.”

Ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

“Sopo ndi mchere ndilibe lero, Bambo.”

“Mchere tinakupatsani ndife. Tiye.”

Zefa anawayendetsa. Anakhala pa mwala, anaugogoda ndi chidendene. “Wozizira bwino. Chipani chako chili ndi mipando.” Achimwene anakhala pa dothi, buluku la suti lomwelo. M'thumba anatulutsa kojambulira mawu kakang'ono. Kani amayenda nako mpaka lero.

Anatchula tsiku. Manda a ku Namirrue. Wolankhula, Baulene Sulemane. Kenako, momveka mpaka ku tenti: “Wofunsa ndi Gervásio, mwana wa Alfinete Namuaca, sipayo.”

Bambo Leonel anangokhala pa manda a munthu wina.

Achimwene anafunsa ngati atolankhani achoke, poti wosankha omvera ndi wolankhula. Madala anati, “Akhale, anabwera ndi mafuta a galimoto. Koma mtsikanayo abwere pafupi. Wandiphikira zaka zonsezi, amve.”

Mtsikana, ine wa imvi. Ndinakhala pafupi ndi mapazi awo.

Anayamba ndi mvula ya chaka chimenecho, ndi bwato la bambo awo. Achimwene chete. Anafika pa amalume a Jemusse okha, osafunsidwa. Zoona, akuti, Alfinete anamuuza mlamu wake athawe. Koma mzungu wa ku polisi ankafuna anthu okwana a ku minda ya kampani. Mmodzi atasowa, Alfinete analowa nyumba yoyandikana. Anatenga Baulene, mnyamata wongokwatira kumene.

Chabwino chimodzi chija. Chimene ndinapereka kwa Bambo Leonel ndi manja awiri.

Baulene anathawa ku mindako nthawi yodzala mpunga, poti mkazi anali yekha ndi pakati. Anagwidwa. Mzungu analamula, Alfinete anamenya. Madala anakweza manja awo kuti kojambulira kaone, ngati kali ndi maso.

“Munaona nokha kuti anali iwo?” Achimwene anafunsa.

“Ndinaona, ndinamvanso. Ankaimba. Chapansipansi, kuti dzanja lisaphonye. Kanyimbo ka opalasa bwato.”

Anakaimba pang'ono, ndi mawu okalamba.

Sindikudziwa chimene ndinachita. Ndinangopeza mutu wanga uli pa bondo la Madala, chinthu cholimba ngati muzu chikundigunda pa mpango pang'onopang'ono. Dzanja lawo.

Analankhula mpaka mthunzi unasuntha. Akuluakulu ena anapita. Pomaliza Madala anafunsa, “Ndiye ulembapo chiyani pa mwala wakowu?” Achimwene anati, “Sindinamalize kufunsa.” Madala, “Usachedwenso. Koma mpandowu usauchotse, ndauzolowera.”

Ndinathamangira kunyumba kukatenga mtanda pansi pa bedi. Achimwene anauzika okha ndi khasu lawo, ine ndinapaka njereza. Machesi anga mphepo inkazimitsa, bokosi lonse. Zefa anabwera ndi kandulo ya mayi ake, anayatsira yanga. Pochoka anati, “Chopalira chija ndidzatenga mawa.”

Lolemba, 4 Novembala

Wailesi kuyambira m'mawa. Mwana wa sipayo, mwana wa sipayo. Ena akuti wadzipha yekha. Mayi wina anaimba kuchokera ku Gurué, akuti agogo akenso anali sipayo, m'nyumba mwawo sanatchulepo, dzulo atchula. Wina anatukwana mpaka anamudula.

Bambo Leonel anabwera, maso ofiira, foni imodzi yokha. Akuti chigawo chino chikhoza kutayika. Achimwene akudya mukapata wotsala, ndi manja. “Mavoti ndi a chaka chamawa, Leonel. Madala Baulene chaka chamawa sitikudziwa. Khala pansi udye.” Anadya. Kapu sanapukute.

Ndinapepesa kwa achimwene. Anati, “Iwe unafuna Bambo akhale ndi dzina. Ine ndinali ndi zaka zonsezi ndi makaseti bokosi lonse, sindinawapatse.” Kenako anadandaula msana. Ndawathira mafuta, ndawakalipira. Munthu wa zaka zawo kunyamula mwala ngati mnyamata.

Mpando wa Madala wabwerera pansi pa mango. “Wadzuka, mlongo wake wa boma? Kapena boma lagwa?” Ndinati likadali m'bafa.

Amayenera kunyamuka m'mawa. Galimoto zadikira, achitetezo akudya mango osapsa. Ine ndili kukhitchini pa kampando kanga, ndikusankha nyemba, ndinangoona nsapato zili pakhomo. Analowa, anaika sopo ndi kathumba ka mchere pa lichero. Mchere wanga womwe, wa m'kabati. Anakhala pansi, pa phulusa, malaya oyera ndinasita aja.

Ndinati achimwene, mukuchita chiyani.

“Ine ndinali ku sukulu ya ansembe. Iwe unali pano mpaka tsiku lomaliza. Sindinakufunsepo.”

Ndinati ine wa kalasi yachinayi ndinena chiyani. Ndinati mawu anga ndi oipa pa makina. Ndinati galimoto zikudikira. Iwo chete. Chete yemwe uja.

Ndapempha ndikasinthe chitenje. Ndili kuchipinda, ndikulemba izi m'malo mosintha. Ndikuwamva akutsokomola. Adikira, ndikuwadziwa, dziko lonse lidikira nawo.

Ndiyambire pati? Matekenya. Minga ya nsomba. Kanyimbo kaja sindingathe, mwina tsiku lina. Masiku omaliza, mmene ankayang'anira manja awo osalankhula, n'kuwabisa m'bulangete ndikalowa.

Manja a Bambo anali ofewa. Izi ndinaona ndekha.

Akuitana.